Pensulo Zitatu

Ku Coimbra mvula yagwa kuyambira Lolemba.
Ndatsekula buku limene Anselmo Valadares anandisiyira,
chikuto chake chodyeka ngati chidendene cha nsapato.
M'mphepete mwa tsamba la makumi anayi
akufa akukangana.

Mwini buku, munthu wa kumpoto kozizira, anadinda kuti:
Munthu akaphunzira kuganiza yekha sadzagwadiranso wina.
Pansi pake, zilembo zopendekera za Dona Perpétua,
amene anaphunzitsa Anselmo nkhondo ili mkati:
Nanga womuphunzitsa kuganiza yekhayo, samugwadira?
Pansi pakenso Anselmo, mokanikiza mpaka kuboola pepala:
Mayi awa sanamvetse.

Zaka makumi atatu anawatsutsa,
m'maholo, m'manyuzipepala, ngakhale pobwera kumaliro awo.
Koma ine ndinkamuona.
Akafuna kunena chachikulu ankavula magalasi
n'kuyang'ana pawindo,
monga ankachitira mayiwo, amatero owadziwa.
Anawalavula, inde,
koma kukoma kwake kunatsalira m'kamwa.

Lero m'mawa ndinali ndi ana makumi awiri ndi asanu,
mafoni akuthwanima pansi pa madesiki ngati ziphaniphani.
Unduna watumiza fomu:
tilembe luso limene phunziroli lipatse mwana pamsika wa ntchito.
Ndinalemba kuti kukayika.
Ndinafufuta. Ndinalembanso.

Kenaka Iolanda wa kumbuyo uja,
amene bambo ake amakonza mabasi a mzinda,
anaimika dzanja:
Aphunzitsi, mukuti tisangokhulupirira aliyense.
Nanga inuyo tikukhulupirireni chifukwa chiyani?

Ndinangozindikira magalasi ali m'manja.

Funso la Dona Perpétua layenda zaka makumi asanu ndi atatu,
ladutsa mwa munthu amene analikana,
ladutsa mwa ine amene sindinalitchulepo,
ladzatulukira pakamwa pa mwana
wosadziwa n'komwe dzina lawo.
Amati mawu a akulu akoma akagonera.
Awa agonera, koma akulumabe ngati tsabola.

Belu la pansanja lalira, ophunzira a mikanjo yakuda
akutsetsereka makwerero onyowa.
Mtsinje wa Mondego wadzaza,
wasenza dothi la mapiri amene sadzaiona nyanja.

Ndasongola pensulo yanga.
Malo otsala m'mphepetemo ndi a chala chimodzi basi.
Ndayesa mawu awiri atatu m'mutu,
onse ndi a Anselmo, ena ndi a mayiwo.

Sindilemba.
Mawa bukuli ndimpatsa Iolanda,
ndi pensulo yomwe.