Makilo a Esnati Muhiwa

Chipinda changa chilibe zenera.
Anachidula ku sitolo ya feteleza,
n'chifukwa chake seva imanunkha yuleya
ndipo fani yake imalira ngati njuchi ya m'chitini.
Kunja tiyi wayala mpaka kutsinde kwa phiri
koma ine ndimamuona m'manambala:
Esnati Muhiwa, makilo makumi anayi ndi awiri, Lolemba;
Witinesi Khuliwa, sanabwere, maliro a mlamu wake.
Anthu chikwi ndi mazana atatu
amagona m'bokosi lachitsulo londilekeza m'bondo.

Nditapempha disiki ina
bwana Nakhumwa anaseka:
"Yomwe ilipoyi yadwala?"
Ndinati ayi.
"Nanga tikumbirenji manda munthu akuyenda?"
Ndinalemba kalata katatu.
Yachitatu ndinaikamo masamu okhaokha,
mtengo wa tsiku limodzi sikelo italeka kukumbukira.
Anasaina akuyang'ana kumbali.

Choncho ndimasunga patatu.
Kope loyamba m'sevamo,
lachiwiri pa disiki yogona m'sefa ya akauntanti
pamodzi ndi makiyi a thirakitala,
lachitatu ndimalikulunga m'jumbo Lachinayi lililonse
n'kukwera nalo njinga yamoto mpaka ku Luchenza,
nditalifungata ngati khanda lopita kusikelo.
Alendo a ku Blantyre amati ikani kumtambo.
Ndimaikako, netiweki ikalola,
koma ife a kuno ku Mulanje mitambo timaidziwa:
chiperoni akatsika
kamzere ka pa sikirini kamaima pa theka mpaka tambala.

Mwezi ukatha ndimachita zomwe anzanga amati n'zamisala:
kubwezeretsa zonse pa kompyuta yakale
n'kuwerenga maina mmodzimmodzi.
Mbewu ya m'chikwatu ukapanda kuisuzumira
umadzapeza fumbi la anankafumbwe
tsiku lomwe mvula yagwa.

Mphenzi inabwera Loweruka usiku, mu Januwale,
kutatsala masiku atatu kuti anthu alandire.
Inalowa ndi waya, batire sinaifunse n'komwe.
M'mawa ndinapeza fungo la pulasitiki wopsa
ndi chete amene sindinamumvepo m'chipindamo.
Disiki ya m'sefa?
Sinali m'sefa.
Ndinaisiya yolumikiza, ikukopera,
ine n'kuthamangira kukaanula zovala.
Zimenezo sindinauze munthu kufikira lero.

Thuchila anali atadzaza, wofiira, akunyamula nthochi ndi mizu yomwe.
Wanjinga anati mtengo wakwera, ndinangoti tiyeni.
Ku Luchenza mlonda anachedwa ndi makiyi,
ine ndikuwerenga m'mutu zomwe zatayika:
Lachisanu lonse, Loweruka mpaka masana.
Jumbo ija inali pomwe ndinaisiya,
pansi pa mafailo a msonkho, youma.

Kompyuta yakale inatenga maola asanu ndi awiri.
Maina anabwerera ngati anthu ochokera kudambo,
aliyense ndi dengu lake kumsana.
Masiku awiri osowawo tinawatola m'makope a akapitawo,
mapepala onyowa, inki itayenderera,
a Mulepa akuwerenga mokweza pansi pa tochi ya foni,
ine ndikutaipa,
tikukangana ngati iyi ndi seveni kapena wani.

Lachiwiri mzere unakhota kuseri kwa fakitale.
Esnati Muhiwa anawerenga ndalama zake kawiri,
n'kuzimanga pansonga ya chitenje,
n'kufunsa mnzake ngati usipa watsika pa Chitakale.
Sanandione.
Bwana Nakhumwa anandiitana masana
kudzafunsa chifukwa chomwe lisiti ya njinga yakwera chonchi.

Tsopano ku Luchenza ndimapita kawiri pa sabata.
Pachitseko ndamata pepala, kulemba ndi makala:
Ikatha kukopera, zula.
Madzulo ndimazima nyali, kuima kaye pakhomo,
kumvetsera njuchi ija ngati ikulirabe.