Masamba Otsiriza Anasutidwa

Lachiwiri lililonse, mvula ikugogoda pa mawindo a mawaya,
Mayi Thirlwell amabwera ndi chikwama chonyowa
kudzatiwerengera ndakatulo ya makolo athu,
yaitali ngati chilango cha Corwin,
ya m'Chingelezi cha zaka mazana atatu zapitazo
chomwe ngakhale ife obadwira m'mbali mwa mtsinje wa Tyne
timachitafuna ngati nyama ya mitsempha.

Tilipo asanu ndi awiri m'chipinda cha mabuku.
Pakhomo alonda awiri, makiyi akulira m'chiuno.

Sabata zoyambirira tonse tinakonda woukira uja,
mngelo wogwetsedwa kumwamba chadodolido,
wodzuka m'moto akutukwanabe.
Corwin anamenya tebulo: Uyu ndi wakwathu uyu!
Sanagwade pamaso pa woweruza!
Ndinaseka nawo. Nkhope imeneyo ndimaidziwa,
ndinaivala tsiku la mlandu
mayi anga akulira pa benchi yachitatu.

Kenaka tinafika pa chipatso.
Lamulo linali limodzi basi,
lalifupi kuposa olembedwa pachitseko cha selo yanga.
Langa linalinso limodzi:
Usagwire chiwongolero, wamwa.
Ananena ndi Alasdair, mng'ono wanga, pakhomo la bala,
ndipo nditakana, anatsegula chitseko nakhala pambali panga
poopa kuti ndingafe ndekha.
Lero miyendo yake ndi matayala awiri.
Zaka zinayi sanandilembere, nanenso sindinamulembere.

Buku la kundende kuno limathera
pomwe mwamuna ndi mkazi akulozana zala,
uyu akuti ndiwe, uyo akuti ndiwe.
Masamba otsiriza kulibe.
Pepala lake n'lopyapyala, lokoma kupichira fodya,
ndipo akaidi akale anayambira kumapeto pong'amba.
Chiwombolo chonse chinakwera ndi utsi,
chinatulukira pa kawindo ka kuchimbudzi.

Mayi Thirlwell anabwera ndi lawo la kunyumba.
Pachipata analikana: chikuto cholimba sichilowa,
mwina mwabisamo lumo.
Ndiye anayamba kukopera pamanja,
usiku, patebulo la kukhitchini,
masamba awiri pa sabata, zilembo zopendekeka ndi nyamakazi,
pena dontho la tiyi pa dzina la Mwana.
Chipulumutso chinatipeza chotero,
mochedwa, chitasechedwa pageti,
chopindidwa panayi m'thumba la jekete.

Sindinamve zonse.
Zoti wosalakwa adzipereke kulipira ngongole ya wolakwa,
Corwin akuti n'zamisala, palibe khoti lingavomere.
Ine ndinangoyang'ana zikhadabo zanga.
Koma chinandigwira pakhosi si angelo kapena malupanga amoto.
Ndi kamphindi kakang'ono,
pamene mmodzi mwa awiriwo, atatopa ndi kudziteteza,
anatsitsa chala.
Kumwamba kunali kusanayankhe.
Minga inali itayamba kale kumera.
Anangotsitsa chala, nayamba iye kupepesa.

Usiku umenewo ndinapempha pepala kwa mlonda.
Kalata yoyamba inadzaza mbali zonse ziwiri:
msewu unali woterera, nyali zinali zakufa,
iwenso ukanatha kutsala.
Yachiwiri ili ndi dzina lake pamwamba
ndi mawu awiri pansi pake,
ndipo yanditengera masiku asanu ndi anayi.

Mayi Thirlwell akuti sabata yamawa awiriwo atuluka m'mundamo
ndipo sadzabwereranso.
Akuti imeneyo si nkhani yoipa.
Ine ndatsala ndi miyezi khumi ndi inayi.

Dzulo Corwin anandinong'oneza pamzere wa chakudya,
fodya ali naye, pepala alibe,
ndimugawireko tsamba limodzi la amayi aja.
Ndinakana.
Ndinamupatsa kalata yanga yoyamba,
ija yodzaza ndi zifukwa.
Akuti inayaka bwino.