Kampope

Mu famase ya ku Leicester
ndanyamula mabokosi awiri.
Kamanja, mapaundi makumi awiri.
Kamagetsi, mashifiti awiri a usiku.

Mzimayi wa pabokosi akumwetulira,
bulauzi yake ili gwaa.
Yanga yanyowa kale, Nthanda atangolira m'chikuku.

Lolemba ndibwerera kosamalira okalamba.
Mphindi khumi ndi zisanu zopuma,
kachipinda ka mamopu, chitseko chosakhomeka.
Kamagetsi akuti kamalira ngati njuchi,
a Doreen a mu rumu sikisi adzafunsa.

Pafoni mayi anaseka mpaka kutsamwa:
“Wasanduka ng'ombe ya ku Bvumbwe?”
Kenako zii.
“Bola mwana azimwa wako womwewo.”

Kamagetsi ndabweza pashelefu.
Dzanja ili limatembenuza nkhalamba pabedi,
silingagonje ndi kampope.